Momwe mungakonzere nambala yakale ya foni ya ku London kuti igwirenso

Ngati muli ndi kalata yakale yochokera ku koleji, ku mpingo kapena ku kampani ya ku London, ndipo nambala yolembedwa pamwamba pake ikukana kulowa, musafulumire kunena kuti ofesiyo inatsekedwa. Kawirikawiri manambala 7 akumapetowo akadali omwewo. Chimene chinasintha ndi khodi ya mzinda, ndipo inasintha katatu m'zaka 10 zokha.

Mpaka 1990, London yonse inkayendera khodi imodzi, 01. Mafoni a m'maofesi ndi makina a fakisi atachuluka, manambala anayamba kuperewera, ndiye pa 6 Meyi 1990 anaugawa mzindawo pawiri: pakatikati 071, kunja kwake 081. Pa 16 Epulo 1995 makhodi anakhala 0171 ndi 0181. Kenako pa 22 Epulo 2000 mbali ziwirizo anaziphatikizanso pansi pa 020, koma nambala iliyonse anaiwonjezera 7 kapena 8 kutsogolo.

Choyamba, yang'anani mmene nambala yanu ikuyambira. Ikayamba ndi 071 kapena 0171, chotsani khodiyo, lembani 020, kenako 7, n'kutsatiza manambala 7 aja. Ikayamba ndi 081 kapena 0181, chitani chimodzimodzi koma ikani 8. Tiyerekeze ndi nambala yongopeka: 0171 946 0123 isanduka 020 7946 0123.

Chachiwiri ndi cha amene kalata yawo ndi yakale kwambiri, yokhala ndi 01 yokha. Apa pamafunika kufatsa, chifukwa 01 sikukuuzani mbali imene nambalayo inagwera. Onani adiresi ili pakalatapo. Madera apakati monga Westminster amatenga 7, pomwe akutali ngati Croydon, Wembley ndi Ealing amatenga 8. Adiresi ikapanda kukuthandizani, yesani zonse ziwiri, koma mufunse bwino amene wayankhayo musanayambe kufotokoza nkhani yanu, poti manambala ofanana akumapeto akhoza kukhala a anthu awiri osiyana.

Chachitatu, poimba muli ku Malawi kapena ku Zambia, siyani 0 woyambayo. Yambani ndi +44, khodi ya dziko la Britain: nambala yongopeka ija ikhala +44 20 7946 0123. Muisunge choncho m'foni mwanu kuti izigwira kulikonse kumene muli.

Pali chizolowezi china chimene ndikanakonda titachisiya: kulemba 0207 kapena 0208 ngati kuti ndiye khodi. Ngakhale anthu okhala ku London komweko amalemba choncho pazikwangwani za mashopu. Khodi ndi 020 basi, 7 kapena 8 uja ndi wa nambala yeniyeniyo. Vuto lake limaonekera munthu akapatsidwa nambala yoyamba ndi 020 3, zomwe zinayamba kuperekedwa mu 2005, kapena 020 4 zomwe zabwera pambuyo pake. Ena amaganiza kuti wolembayo walakwitsa, n'kusintha 3 kukhala 7, mapeto ake amaimbira munthu wina. Nambala zimenezi n'zabwinobwino, musazikonze.

Mizinda ina yaikulu ya ku Britain njira yake ndi yachidule. Mu 1995 anangoika 1 pambuyo pa 0: Glasgow kuchoka pa 041 kukhala 0141, Edinburgh 031 kukhala 0131, Manchester 061 kukhala 0161, Birmingham 021 kukhala 0121. Koma samalani ndi Leeds, Sheffield, Nottingham, Leicester ndi Bristol, chifukwa inalandira makhodi atsopano. Leeds inachoka pa 0532 kufika pa 0113, ndipo nambala yakale imafunika 2 kutsogolo. Bristol inachoka pa 0272 kufika pa 0117, ndipo kutsogolo kumabwera 9.

Mukakonza zonsezi koma foni osalowabe, fufuzani dzina la bungwelo pa intaneti, mwina anasamuka kapena anatenga nambala ina.