Momwe gulu la alimi lingagwiritsire ntchito foni imodzi kuyambira mvula yoyamba kufikira tsiku logulitsa

M'midzi yambiri ya m'maboma a Chipata, Katete, Chadiza ndi Lundazi, kum'mawa kwa Zambia, foni zilipo kale, koma nthawi zambiri ntchito yake imathera pouzana za maliro ndi kulandira ndalama kuchokera kwa ana amene ali ku Lusaka. Gulu la alimi lingathe kupindula nayo koposa pamenepo ngati mamembala atagwirizana kuti foniyo ikhale kaundula wa gulu lonse. Imodzi yokhala ndi kamera ndi WhatsApp ndi yokwanira, ndipo ena onse angathe kupitiriza ndi tifoni tawo ta mabatani.

Yambani ndi nambala. Mlimi aliyense alembetse simu khadi m'dzina lake ndi chitupa chake cha NRC, ndipo nambala yomweyo ndi imene aipereke kwa alangizi a zaulimi a m'dera lake. Chiyambire nyengo ya 2015/2016, pamene boma linayamba kuyesa njira ya e-voucher (makuponi a pakompyuta) m'pulogalamu ya FISP yothandiza alimi ndi zipangizo za ulimi, nkhani ya feteleza ndi mbewu yakhala ikudalira kwambiri zimene zinalembedwa m'makompyuta. Amene analembetsa nambala ya mlamu wake amadzaona vuto mlamuyo akasamuka kapena akataya foni, pakuti uthenga wa zipangizo umapita kwa munthu wina.

Kenako sankhani mlembi wosunga foni ya gulu, ndipo mumugulire kasola kotchajira kuti asamayende mtunda wautali kukafuna magetsi. Ntchito yake yoyamba ndi mvula. Chilala cha 2023/2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024, chinationetsa kuti kudzala potsatira chizolowezi chokha sikukwaniranso. Mlembi azimvetsera zolosera za nthambi ya boma yoona zanyengo, kaya pa Breeze FM kapena pa Radio Maria, n'kutumiza uthenga waufupi kwa mamembala onse. Gulu liikenso chitini cha mbali zowongoka pabwalo, kutali ndi mitengo ndi denga, ndipo m'mawa uliwonse mwana wa sukulu aziyeza madzi ndi rula n'kulemba mamilimita ake. Mwanayo amaphunzirapo masamu enieni, ndipo pakatha zaka zitatu gulu limakhala ndi mbiri ya mvula ya mudzi wake, imene imathandiza posankha pakati pa mbewu yocha msanga ndi yochedwa.

Pa nkhani ya mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinafika m'dziko muno chakumapeto kwa 2016, kamera ya foni imapulumutsa ndalama ndi nthaka yomwe. Lowani m'munda m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa, muyende mokhotakhota ngati chilembo cha W, muime malo asanu, ndipo pamalo alionse muone mapesi khumi. Yang'anani mkati mwa nsonga, momwe masamba atsopano amatulukira. Mukapezamo ndowe zonga utuchi wonyowa ndi masamba obooka, tulutsani mboziyo muiike pachikhatho. Ya mtundu umenewu ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, ndiponso timadontho tinayi takuda tokhala mwa ngodya zinayi chakumchira. Ijambuleni pafupi, mulembe kuchuluka kwa mapesi ogwidwa pa 50 aja, ndipo mutumize zonsezi kwa alangizi musanagule mankhwala. Ndimanena zimenezi motsindika chifukwa ndaonapo anthu akupopera munda wonse mankhwala ogula m'botolo lopanda dzina, pamene mbozi zinali pangodya imodzi ndipo zikanatheka kuziphwanya ndi manja. Mankhwala otere amapha ndi tizilombo tomwe timadya mbozizo, ndipo otsala amatsikira kudambo kumene timamwetsa ng'ombe.

Phindu lalikulu limaoneka pogulitsa. Mlimi amene ali yekha, ali ndi matumba asanu ndiponso ngongole yomudikira, amagulitsa ndi meda kwa wogula woyamba kufika pakhomo. Gulu limene likudziwa kuti lili ndi matumba 300 limalankhula mosiyana. Choncho pamene mukukolola, membala aliyense atumize kwa mlembi chiwerengero cha matumba a makilogalamu 50 amene akufuna kugulitsa, atachotsapo kale chakudya cha banja cha chaka chonse. Mlembi aimbire ogula osachepera atatu tsiku limodzi, afunse mtengo wa kilogalamu, amene adzalipire galimoto, ndi tsiku limene ndalama zidzafike, kenako ayerekeze ndi mtengo umene FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, yalengeza. Kumbukirani kuti FRA imafuna chimanga chouma kufika pa chinyezi cha 12.5 peresenti, ndiye musabwereke lole chimanga chisanayezedwe. Za mtedza ndi soya mungafunsenso ku COMACO, kampani yogula mbewu kwa alimi, ku Chipata. Mtedza uume bwino usanalowe m'thumba ndipo usanyowetsedwe posenda, chifukwa chuku chimene chimamera pamenepo chili ndi poizoni, ndipo ogula osamala amaukana.

Mukagwirizana ndi wogula, uzani mamembala tsiku ndi malo amodzi osonkhanitsira katundu, kuti lole ibwere kamodzi n'kudzaza. Pa tsikulo mlembi ajambule sikelo pa thumba lililonse, nambala ikuoneka bwino, ndipo musanayambe muyeze chinthu chimene kulemera kwake mukukudziwa kale, monga paketi ya shuga yosatsegula.

Ngati malipiro akubwera pa Airtel Money kapena pa MoMo ya MTN, musakhulupirire uthenga wongoonetsedwa pa foni ya wogula. Lowani nokha mu akaunti yanu muone ngati ndalama zafikadi, lole isananyamuke. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale amene akuimba n'kunena kuti ndi wa kukampani ya foni kapena wa ku ofesi ya zaulimi. Madzulo a tsiku lomwelo mlembi akopere m'buku la gulu dzina la membala aliyense, makilogalamu ake ndi ndalama zake, ndipo mamembala awiri asayine pansi pake, chifukwa foni imatha kugwera m'madzi kapena kubedwa nyengo ina isanafike.