Momwe ndinathanirana ndi anzanga otembenuka mu Age of Empires II

Amene mumasewera gemu yankhondo ya Age of Empires II Definitive Edition ija inatuluka 2019 mukudziwa kuwawa kwake, munthu mwagwirizana bwinobwino, wamutumizira golide ndi mitengo kudzera pa msika mpaka gemu kukudula msonkho wa 30%, iyeyo asilikali ake angodzadza m'mudzi mwako ngati akudzakuteteza kenako wasintha kukuika pa Enemy (mdani) basi mudzi wonse phulusa. Zimandipweteka kwambiri chifukwa gemu imodzi imadya maola.

Vuto linali mageti. Geti imatsegukira aliyense amene wamuika pa Ally (mnzako pankhondo), ndiye pano ndikangomanga mpanda ndimakhoma mageti onse, ndimangosiya imodzi ya ngolo zamalonda ndipo pomwepo ndimamangapo castle, chinyumba chankhondo choponya mivi. Mnzanga akafuna kudutsa ndi asilikali ayambe wandiuza pa chati kuti akupita kukamenya ndani.

Komanso ndimatsegula Diplomacy, tsamba loonetsa zamgwirizano, pafupipafupi kuona mnzanga wandiika pati, akakana kuchonga Allied Victory (kupambana limodzi ndi anzako) ndimadziwiratu kuti akufuna kupambana yekha, golide sindimutumiziranso. Tikamasewera apachibale tokhatokha timangochonga Lock Teams gemu isanayambe, palibe angasinthe mbali.