Nsenjere ya mu Febuluwale ikhoza kudyetsa ng'ombe mu Okutobala

Ndikamayendera makola a ng'ombe za mkaka mu Seputembala ndi Okutobala, dandaulo limakhala limodzi: mkaka watsika. Mlimi akulawirira mbandakucha kudambo lakutali, n'kubwerako ndi kamtolo ka udzu wokhwima, ng'ombe ili m'khola kulira. Chimene chimandiwawa n'chakuti mu Febuluwale nsenjere ya mlimi yemweyo inatalika kuposa munthu, n'kukalamba ili m'munda. Akanaisunga ngati sayileji, bwenzi ng'ombe ikukhuta pakati pa chilimwe.

Sayileji ndi udzu kapena chimanga chachiwisi chimene chaduladulidwa, kutsenderedwa m'dzenje ndi kutsekeredwa kuti mpweya usalowe. M'katimo tizilombo tabwino timadya shuga wa m'mapesi n'kutulutsa asidi, monga zimachitikira mkaka ukamasanduka chambiko. Kusasako ndi kumene kumateteza chakudyacho kuti chisaole. Koma mpweya ukangopeza polowera, chuku chimamera, thukuta lanu n'kupita pachabe.

Mwetani nsenjere ikafika pafupifupi mita imodzi, isanachite mitengo, ndipo muisiye ifote kwa tsiku limodzi. Chimanga chidulidwe ndi zitsononkho zake zomwe, njere zikasiya kutuluka mkaka koma zisanaume. Duladulani ndi chikwanje tizidutswa ta masentimita 2 kapena 3. Ntchito imeneyi ndi yowawa, musaigwire nokha. Itanani anzanu a ku gulu la mkaka, mawa mudzakathandize kwawo. Kenako tapani chodzaza dzanja mufinye. Madzi akamachucha pakati pa zala, dikirani chifote kaye. Chikasiya chinyezi chabe m'manja, n'kumamasuka pang'onopang'ono mukatambasula dzanja, chafika.

Nsenjere ilibe shuga wokwanira, choncho imafuna molasesi, yemwe amachokera ku mafakitale a shuga monga a ku Nchalo ndi Dwangwa. Pa makilogalamu 100 a udzu, sungunulani makilogalamu 3 a molasesi m'madzi ochuluka kuwirikiza katatu, muziwaza pa udzuwo ndi kheni yothiririra mbewu. Akasowa, wazani madeya. Chimanga chili ndi shuga wakewake.

Kumbani dzenje pamalo okwera, posadikha madzi. Ng'ombe ya mkaka yodya makilogalamu 20 patsiku imafuna matani 3 pa miyezi isanu, ndipo dzenje la mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi ndi mita imodzi kuya kwake likhoza kusunga chakudya chimenechi mukatsendera bwino. Yalani pulasitiki pansi ndi m'mbali monse.

Potsendera ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndikupemphani kuti apa musathamange. Thirani udzu wodulidwawo m'dzenje pang'ono, kufika m'munsi mwa bondo, pondapondani ndi mapazi, gubuduzani dilamu lodzaza madzi, kenako thiraninso. M'makona ndi m'mphepete pondani kawiri, chifukwa ndi mmene mpweya umabisala. Ndinatsegulitsapo dzenje lina lomwe pakati pake panali ponunkhira bwino, koma m'mbali monse munali moyera ndi chuku, chifukwa oponda anatopa dzuwa litapendeka. Malizani kudzaza m'masiku awiri, lidzaze mpaka litumbe pamwamba, funditsani pulasitiki, kwirirani ndi dothi lochuluka, ndipo kumbani ngalande yozungulira. Muziyendera dzenjelo, mukaona mng'alu kapena una wa khoswe, tsekani tsiku lomwelo.

Pakatha milungu isanu ndi umodzi mukhoza kutsegula, ngakhale kuti dzenje lotsekedwa bwino limasunga chakudya miyezi yambiri. Sayileji wabwino amaoneka wobiriwira mopita kuchikasu, fungo lake lowawasa mokoma. Wakuda, wonanda, wonunkha zoola kapena wachuku, musapatse chiweto, katayeni ku kompositi.

Tsegulani mbali imodzi yokha, tapani za tsiku limenelo, n'kutsekanso msanga. Yambani ndi pang'ono kwa sabata imodzi kuti mimba izolowere, ndipo muzipereka mukamaliza kukama, kuti fungo lisalowe mumkaka n'kukakanidwa kogulitsira.