Domain ya bizinesi yanu ikhale m'manja mwanu, osati mwa mnyamata wokukonzerani webusaiti

Achemwali anga ali ndi kashopu ka zitenje ku Kamwala, mu Lusaka. Tsiku lina anandiimbira mtima uli m'mwamba ati webusaiti yasowa, ukalemba dzina lake pakungotuluka zotsatsa za anthu ena. Kufufuza, tinapeza kuti mnyamata amene anawakonzera uja analembetsa domain pa imelo yake, chaka chitatha sanalipire, foni yake nayo osapezeka. Pomwe dzinalo lili pa chikwangwani, pa malisiti, paliponse.

Domain ndi dzina lija mumalemba pamwamba pa browser, ngati unza.zm kapena facebook.com. Makompyuta pawokha amadziwana ndi manambala otchedwa IP address, ndiye pali DNS, yomwe inayamba 1983, imagwira ntchito ngati ma contact a mufoni, mumadina "Amayi" foni yokha n'kupeza nambala. Hosting ndi nkhani ina, imeneyo ndi nyumba yosungiramo zithunzi ndi mafayilo, mutha kusamuka koma dzina n'kukhala lomwelo.

Manje mvetserani apa, domain simugula ngati poloti, ndi ya lendi. Mumalipira chaka ndi chaka, .com mutha kulipiriratu mpaka zaka 10. Mukaiwala amakupatsani masiku ochepa, kenako kuiwombola kumadula kwambiri, mukachedwabe amaimasula aliyense atha kuitenga. Ndipo kulembetsa kampani ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani ku Zambia, sikukusungirani domain ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana, ambiri amagwa pamenepa.

Posankha dzina, yesani kulitchula pa foni muli pakati pa phokoso la Soweto Market, ngati munthu akufunsa kuti "mwati chani?" kawiri ndiye kuti latalika. Ma dash ndi manambala asiyeni. Ngati makasitomala anu ndi a konkuno ku Zambia tengani .co.zm kapena .com.zm, zonse za .zm amayang'anira ndi a ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti. Ya .com mumaipeza kwa makampani ngati Namecheap kapena GoDaddy, pafupifupi madola 10 mpaka 20 pachaka, pamafunika khadi ya Visa kapena Mastercard. Osakomedwa ndi mtengo wa chaka choyamba, onani wa chaka chachiwiri, kawirikawiri umakwera.

Akaunti yolembetsera domain tsegulani nokha, imelo yanu, nambala yanu, pasiwedi yanu. Ngati simudziwa, palibe manyazi, khalani pambali pa wokuthandizaniyo alembe inu mukuona, dzina la mwini likhale lanu. Muyatse auto-renew kuti ndalama zizidulidwa zokha chaka chikatha, komanso muzikumbukira tsiku lotha khadi yanu chifukwa ikatha ndalama sizidulidwa.

Achemwali aja tinawalembetsera dzina lina, lalifupi kuposa loyamba, tsiku lolipira ndinawalembera kuchikuto cha buku lawo la ngongole. Wolemba zikwangwani anabwera Loweruka kudzafufuta lakale lija.