Giyabokosi ya VW Beetle ikamalira

Achimwene, mwati Beetle yanu yakale ija ikuchita phokoso ku giyabokosi. Musathamangire kuimasula.

Lizani injini giya ili pa nyutrolo, kenako pondani klatchi. Phokoso likayamba mutaponda, vuto ndi release bearing, beringi yomwe imakankha klatchi mukaponda pedulo. Likasiya mutaponda, beringi ya input shaft (shafti yolowetsa mphamvu ya injini mu giyabokosi) yadyeka.

Kenako onani oilo wa mu giyabokosi, poti ambiri amamuiwala. Tsegulani pulagi ya m'mbali ndi Allen key ya 17 mm, oilo azifika pakamwa pa bowo. Mukhetseni, muyang'ane maginito a pulagi ya pansi. Kafumbi kachitsulo sikoopsa, koma tizidutswa ndiye kuti mano akusweka. Thirani oilo wa giya wa 80W-90 GL-4, pafupifupi malita 2.5.

Ikamakukuta polowa giya yachiwiri, yambani mwakonza kebulo ya klatchi, pedulo izisewera 10 mpaka 20 mm. Zikapitirira, synchro (mphete yothandiza giya kulowa osakukuta) yatha. Apo ndiye tsitsani giyabokosi.