Kusamala mjigo wa m'dera ku Harare kuti madzi azituluka ndipo asatidwalitse

Ku Mabvuku, Tafara, Budiriro, Glen View, Dzivarasekwa ndi madera ena komwe kuli abale athu ambiri ochokera ku Malawi, mpope wa khonsolo umatha masiku, kwina miyezi, osadontha. Madzi a mzinda amachokera ku Lake Chivero ndi Lake Manyame, n'kukayeretsedwa ku Morton Jaffray, koma sakwanira anthu onse, ndipo ena amatayikira m'mapaipi okalamba. N'chifukwa chake mabanja ambiri amadalira mjigo, umene anzathu Achishona amati chibhorani. Kuboola mjigo ndi ntchito ya masiku awiri kapena atatu. Chimene chimavuta ndi zaka zotsatira: ndani atolere ndalama, ndani athire mankhwala, ndani ayitane wokonza chikopa chokankha madzi m'pampu chikatha.

Choyamba kudziwa n'chakuti madzi a mjigo wa m'tauni si abwino chifukwa choti akuoneka oyera. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe muno. Ya mu Sepitembala 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro, ndipo mijigo ina kumeneko inapezeka italowa zonyansa za suweji. Mu 2023 Kuwadzana inavutika chimodzimodzi. Mapaipi a suweji akaphulika, zonyansazo zimalowa m'nthaka, ndipo mvula ya Novembala ikayamba zimatsikira komwe mjigo ukukoka madzi. Madziwo sanunkha, sasintha mtundu, koma mwana akamwa amatsegula m'mimba.

Yambani ndi malo ndi mapepala

Ngati mjigo sunaboolebe, musalole kuti malo asankhidwe potengera nyumba ya wapampando wa komiti ya mjigo kapena ya amene wapereka ndalama zambiri. Mjigo utalikirane ndi chimbudzi chokumba, dzenje la suweji ndi dzala mamita osachepera 30, ndipo ukhale kumtunda kwake, osati kumunsi. M'mayadi a ku Mbare kapena Highfield mtunda umenewu supezeka wamba, choncho malo abwino amakhala pabwalo la sukulu, la tchalitchi, la mzikiti kapena la chipatala chaching'ono. Pitani kwa khansala wa wodi yanu ndi ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu kuti avomereze malowo, komanso ku Upper Manyame Sub-Catchment Council, omwe amapereka chilolezo choboola mjigo m'chigawo cha Harare. Mjigo wopanda mapepala ndi wosavuta kulandidwa, ndipo mkangano ukabuka mulibe poyambira.

Woboola akamaliza, musamulipire ndalama zomaliza asanakupatseni pepala losonyeza kuya kwa mjigo, pamene madzi aima, ndi malita amene mjigowo ungatulutse pa ola limodzi osaphwa. Onetsetsani ndi maso anu kuti mamita angapo oyamba kuzungulira paipi yotchinga dzenje athiramo simenti. Simenti imeneyi ndiyo imatseka njira ya madzi akuda a pamwamba. Oboola othamangira ndalama amangobwezeramo dothi, ndipo zikatero mvula iliyonse imatsukira zapabwalo m'dzenjemo. Pamwamba pakhale konkire yotsetsereka bwino, ngalande yotulutsa madzi otayika mamita angapo kutali, ndi dzenje la miyala kumapeto kwake. Mukaona ming'alu pa konkireyo, matani sabata yomweyo. Ochapa zovala achapire kutali, ndipo pakhale mpanda.

Madzi ayezedwe asanayambe kumwedwa, ndiponso kawiri pachaka, makamaka mvula ikangoyamba. Wazaumoyo wa khonsolo amene amayendera dera lanu ndiye angakuthandizeni kutunga madziwo m'botolo loyenera ndi kukawapereka kokayeza. Botolo la chakumwa lotsukidwa kunyumba silithandiza, chifukwa zotsatira zake zimasokonekera.

Ndalama

Anthu athu kuno amadziwa kuyendetsa mabungwe a maliro, ndipo ena akhala zaka zambirimbiri osagwa. Komiti ya mjigo iyende momwemo. Anthu asanu ndi awiri akwana, ndipo oposa theka akhale amayi, poti ndiwo amadziwa amene amatunga, nthawi yake ndi mavuto a pamzere. Msungichuma asakhale pachibale ndi wapampando. Mlembi akhale ndi kaundula wa nyumba zonse zotunga pamenepo, ndipo alendi alembedwe paokha, chifukwa nyumba imodzi ya zipinda zinayi imatha kukhala ndi mabanja atatu kapena anayi.

Kulipira pamwezi kuli bwino kuposa kulipira pa ndowa. Ndalama ya pa ndowa imabweretsa vuto la chenje, imene ku Harare imasowa tsiku lililonse, ndipo imakopa anyamata amene amadziika okha pa mjigo n'kumalipiritsa anthu. Gwirizanani mtengo mu madola a ku America, ndipo amene akulipira ndi ZiG kapena pa EcoCash alipire molingana ndi mtengo wa tsikulo. Aliyense alandire lisiti. Ndalamazo muzigawe patatu: za mankhwala, za mlonda kapena woyang'anira, ndi zosungira kukonza. Gawo lachitatuli ndi limene makomiti ambiri amadya, poganiza kuti mjigo ukuyenda bwino, kenaka pampu ikapsa amayamba kuyenda khomo ndi khomo anthu akutunga m'zitsime zosatetezedwa. Ngati n'kotheka, sandutsani ndalamazo kukhala zipangizo: zikopa ziwiri, vavu, mabawuti, girisi. Agogo okhala okha ndi mabanja a ana amasiye alembedwe poyera pamsonkhano kuti salipira, zisakhale zonong'onezana. Ndipo kamodzi pamwezi mlembi awerenge pamaso pa anthu zimene zalowa ndi zimene zatuluka.

Ikaninso nthawi yotsegula ndi yotseka. Mzere wa usiku ndi umene atsikana amachitidwapo zachipongwe. Okalamba, amayi oyembekezera ndi olumala atunge osaima pamzere, ndipo pa ulendo umodzi munthu asapitirire zigubu zinayi kapena zisanu ngati kumbuyo kuli anthu. Obwera ndi galimoto yodzaza migolo akagule kwina.

Mjigo wopukusa ndi manja

Ku Malawi tinazolowera mjigo wa Afridev. Kuno wofala ndi Bush Pump, wa chitsulo cholemera, umene chogwirira chake chimazungulira pa chipika cha mtengo wolimba. Pansi pali mapaipi achitsulo a mamita atatu-atatu olumikizana, m'kati mwake muli ndodo zachitsulo, ndipo kumapeto kuli silinda yokhala ndi chikopa chokankha madzi ndi vavu yoletsa madzi kubwerera pansi.

Njira yosavuta yodziwira thanzi la mjigo ndi kuwerenga. Sabata iliyonse munthu mmodzi apukuse mwa nthawi zonse, awerenge kuti wapukusa kangati kuti ndowa ya malita 20 idzaze, n'kulemba m'buku. Nambala ikamakwera sabata ndi sabata, chikopa chikutha. Ngati m'mawa mumapukusa nthawi yaitali madzi asanatuluke, koma akayamba amatuluka bwino, ndiye kuti madzi amathawa usiku: vavu ya pansi sikutseka, mwina chifukwa cha mchenga, kapena paipi yabowoka polumikizira. Chogwirira chikapepuka mwadzidzidzi madzi n'kusiya, ndodo yamasuka kapena yaduka, ndipo pamenepo siyani kupukusa. Madzi ofiirira m'mawa ndi dzimbiri la mapaipi. Madzi akamadukiza mu Okutobala, kunja kutatentha, nthawi zambiri pampu ilibe vuto: madzi apansi atsika, ndipo chofunika ndi kupumitsa mjigo maola angapo masana kapena kuwonjezera paipi ngati kuya kwa dzenje kukulola.

Mabawuti amutu amangidwe sabata iliyonse, chifukwa bawuti yomasuka imakulitsa bowo la chipika. Ana asalendewere pa chogwirira, ndipo akulu asachimenyetse pansi. Kupukusa kwautali, kofatsa, kumatulutsa madzi ambiri kuposa kothamanga. Funsani wokonza ngati silinda yanu ili yotseguka pamwamba. Ikakhala yotero, chikopa chimasinthidwa pongokoka ndodo zokha. Ikakhala ya mtundu winawo, mapaipi onse ayenera kutuluka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amuna anayi kapena asanu okhala ndi zida zogwirira paipi. Musayese ndi manja okha. Paipi ikapulumuka n'kugwera m'dzenje, kuivuula kumadya ndalama zoposa kukonza kumene mumafuna. Zonse zotuluka m'dzenje zigonekedwe pa matabwa, osati padothi, ndipo mukabwezera thirani klorini wamphamvu m'mjigomo, ugone usiku wonse, m'mawa mupope mpaka fungo litachepa.

Mjigo wa sola ndi thanki

Chifukwa magetsi a ZESA amazimazima, madera ambiri asankha sola. Yambani ndi masamu. Mabanja 100 a anthu asanu-asanu, aliyense malita 20 patsiku, ndi malita 10,000. Ndiye kuti thanki ya malita 5,000 iyenera kudzaza kawiri, ndipo dzuwa lamphamvu limakhalapo maola pafupifupi asanu kapena asanu ndi limodzi. Pakufunika pampu ya malita 2,000 pa ola. Koma ngati pepala la woboola likuti mjigo umapereka malita 1,000 okha pa ola, musagule pampu yaikuluyo. Idzaphwetsa dzenje, n'kumazungulira popanda madzi, ndipo pampu yotere imazizira ndi madzi omwe ikukokawo, choncho imapsa. Uzani woika kuti ayike kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika, ndi kena kozimitsa thanki ikadzaza.

Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani asanu. Nsanja yake iwotcheredwe ndi munthu wodziwa, miyendo ikhale m'konkire, ndipo pansi pa thanki pakhale posalala paliponse, popanda mpata, apo ayi pulasitiki imang'ambika. Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka pang'ono, pamalo opanda mthunzi wa mtengo. Fumbi la Ogasiti ndi Sepitembala limachepetsa mphamvu yake, choncho apukuteni ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mamawa asanatenthe. Awotcherereni m'felemu yachitsulo, chifukwa mapanelo ndi mawaya ndizo zimayamba kubedwa, ndipo musaiwale waya wopita m'nthaka woteteza ku mphezi.

Klorini

Apa ndi pamene thanki imaposa mjigo wa manja, chifukwa madzi onse mungawathire mankhwala pamalo amodzi. Gulani klorini waufa wa HTH, wa mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti. Sungunulani magalamu 15, omwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaikulu yosasefukira, mu lita imodzi ya madzi m'chigubu chapulasitiki. Dikirani zoyera zikhazikike pansi, mugwiritse ntchito madzi apamwambawo. Theka la lita la madzi amenewa ndi poyambira pabwino pa thanki yodzaza ya malita 5,000. Thirani, vundulani ndi ndodo yoyera, tsekani mipope mphindi 30.

Kenaka yezani. Kabokosi koyezera madzi a m'madamu osambira, pamodzi ndi mapiritsi a DPD 1, kamapezeka m'masitolo ogulitsa mankhwala a madamuwo. Tungani pa mpope, ponyanimo piritsi, yerekezani mtundu wake ndi manambala a pambali. Mufuna pakati pa 0.2 ndi 0.5, ndipo kukakhala kolera m'dera musatsike pansi pa 0.5. Madzi akapanda kusintha mtundu, klorini wathera kulimbana ndi zonyansa kapena dzimbiri. Onjezani pang'ono, dikiraninso, yezaninso. Akanunkha kwambiri anthu amawakana n'kubwerera ku zitsime, choncho kuthira mopyola muyeso nako n'kulakwa. Cholakwika chofala n'kuthira kamodzi m'mawa pampu ikupitiriza kudzaza tsiku lonse: pofika masana mankhwala amakhala atasukuluka. Thirani pa kudzaza kulikonse, kapena khalani ndi mathanki awiri, ina ikudzaza ndi kuthiridwa, ina ikutungidwa. Mukapeza ndalama, gulani kachipangizo kothira klorini kokha pa paipi yolowa m'thanki, koma nako kamafuna kuyezedwa tsiku lililonse.

Ufa wa HTH usungidwe wotseka, pouma, kutali ndi mafuta, petulo ndi ana, ndipo musausakanize ndi mankhwala ena aliwonse. Wothira avale magolovesi. Madzi osungunulawo pangani atsopano sabata iliyonse, muwabise ku dzuwa. Thanki itsukidwe m'kati kawiri pachaka, ndipo chivundikiro chake chikhale chokhoma.

Pa mjigo wa manja, mankhwala amathiridwa m'chigubu cha aliyense. WaterGuard ndi kachivundikiro kamodzi pa malita 20. Mapiritsi a Aquatabs ali ndi makulidwe osiyanasiyana, choncho werengani papaketi. Mphindi 30 zodikira ndi zomwezo. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono n'chabwino kuposa ndowa, chifukwa m'ndowa mumalowa zala ponyamula ndi kapu ya aliyense pomwa. Woyang'anira ali ndi ufulu wobweza chigubu chobiriwira m'kati mpaka mwini wake atakachitsuka.

Anthu awiri kapena atatu otunga pa mjigo umodzi akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi m'masiku oyandikana, musadikire msonkhano. Odwala amwe madzi a ORS ali panjira yopita kuchipatala chapafupi, chimene chingawatumize ku chipatala cha matenda opatsirana cha Beatrice Road kapena cha Wilkins ngati pakufunika kutero. Mlembi adziwitse wazaumoyo wa khonsolo tsiku lomwelo, klorini akwezedwe, ndipo madzi akayezedwe. Wazaumoyo akanena kuti mjigo utsekedwe, chotsani chogwirira kapena zimitsani pampu, mukambirane ndi komiti ya mjigo woyandikana nawo kuti anthu anu azikatunga kumeneko kufikira zotsatira zitabwera.