Ngati muli ndi vuto la chiwindi, siyani Grand-Pa

Abale anga a ku Joni kuno, makamaka amene adokotala anakuuzani kuti chiwindi chinauma, tamverani. Kaya chinayambitsa ndi mowa, Hepatitis B kapena likodzo la m'matumbo lomwe munalitengera kumudzi, magazi amavutika kudutsa m'chiwindi. Ndiye amabwerera n'kutupitsa mitsempha ya kummero ndi m'chifu. Khungu la mitsempha imeneyi ndi lopyapyala, ikaphulika munthu amasanza magazi ambiri mwadzidzidzi. Nthawi zina magazi amangodontha pang'onopang'ono m'chifu kapena pachilonda cha m'mimba, inu n'kumangoona chimbudzi chakuda bii ngati phula, chonunkha kwambiri, ndi chizungulire.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi Grand-Pa wa pa spaza (kagolosale) uja timamwa mutu ukangowawa. Muli aspirin, yemwe amakanda chifu komanso kulepheretsa magazi kuundana. Brufen nayenso ayi. Mowa usiyiretuni. Adokotala akakupatsani propranolol, mankhwala ochepetsa kupanikizika kwa magazi m'mitsempha ija, musamadumphitse.

Mukaona magazi musadikire kuti kuche. Imbani 112 kapena thamangirani kuchipatala cha Bara (Baragwanath), Helen Joseph kapena Charlotte Maxeke. Amalowetsa kamera kummero n'kumanga mitsemphayo ndi timphira. Za mapepala zisakugwireni miyendo, malamulo a dziko lino salola kubweza wodwala mwakayakaya.